Akuti mankhwala a odwala misala ndi a makoswe: zoona zake ndi izi

Sabata yatha pagulu lathu la WhatsApp la achinyamata a pa boma, wina anaponya chithunzi cha khoswe woyera ali m'manja mwa munthu wovala magolovesi. Pansi pake analemba kuti mapilitsi omwe amapereka kwa odwala misala ndi mankhwala a makoswe, ndipo azungu akungotiyeserapo ife. Anthu anaseka, ena anauponyanso m'magulu ena. Ine sindinaseke, chifukwa uthengawo unayenda mpaka kukafika pafoni ya azakhali anga kumudzi, ndipo Lachinayi m'mawa anandiimbira.

"Iwe, paja unapondako ku yunivesite. Tandiuza, msuweni wakoyu tizimupatsabe mapilitsi aja?"

Msuweni wangayo anayamba kudwala zaka ziwiri zapitazo. Sankagona, ankayankhula yekha, ankati akumva mawu a anthu omwe ife sitinkawaona. Ena ankati ndi chamba, ena ankati anamuchita chipongwe chifukwa geni yake ya kachewere wa ku Tsangano imayenda. Anapita naye kwa asing'anga, anapita naye kumapemphero, kenako kuchipatala. Kumeneko anamupatsa chlorpromazine. Lero akugona, akusamba yekha, wabwereranso pamsika. Ndiye funso la azakhali silinali lamasewera. Ndinakhala pansi n'kuwerenga, ndipo zomwe ndinapeza ndi izi.

Chithunzi chija sichikunama chonse

Tiyambe ndi mankhwala a msuweni wangawo. Chlorpromazine anapangidwa mu 1950 ku France, pakampani ya Rhône-Poulenc. Mayi wina wa pakampanipo, Simone Courvoisier, anawayesa pa makoswe. Makoswewo anali ataphunzitsidwa kuti belu likalira azikwera chingwe kuthawa kashoko ka magetsi komwe kamabwera pambuyo pake. Atawapatsa mankhwalawa, belu likalira ankangokhala phee. Mphamvu zokwerera anali nazo, koma belu lija silinkawadzidzimutsanso. Mu 1952 madokotala awiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anapereka mankhwalawa kwa odwala pachipatala cha Sainte-Anne, ndipo anthu omwe ankalongolola usiku wonse anayamba kudekha.

Ndiye inde, khoswe analawa mankhwalawa munthu asanalawe. Koma si mankhwala a misala okha. Pafupifupi mankhwala onse atsopano a kuchipatala, a malungo, a BP, a shuga, ma ARV, amayamba ayesedwa pa nyama kuti aone ngati sakupha kapena kuononga chiwindi ndi impso. Akadutsa apo amapita kwa anthu ochepa odzipereka, kenako mazana, kenako zikwi, asanaloledwe kugulitsidwa. Kuno kwathu bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi lomwe limavomereza mankhwala olowa m'dziko. Chlorpromazine watha zaka zoposa 70 akumwedwa padziko lonse, ndipo ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri wa World Health Organization. Kunena kuti akuyeserera pa ife ndi bodza lenileni. Anthu a ku Paris anamwa agogo athu asanamve n'komwe dzina lake.

Kodi khoswe angadwale maganizo?

Apa mpamene panandivuta inenso. Ife a ku Ntcheu mbewa timazidziwa. Nyengo yokolola ikatha mumaona nokha anyamata ataima ndi mapani m'mbali mwa M1. Munthu amene wakumbapo una amadziwa kuti mbewa ndi yochenjera, imasiya potulukira pena, imasunga chakudya. Koma kuti ingakhale ndi nkhawa? Ingamve mawu ngati msuweni wanga?

Ofufuza enieni sanena kuti khoswe ali ndi matenda a misala. Khoswe sangakuuze kuti akumva mawu, sangakuuze kuti akudziona ngati wachabechabe. Chomwe amachita ndi kuphwanya matendawo m'tizidutswa, n'kusankha kachidutswa komwe kangaoneke ndi maso pa nyama. Zimatheka chifukwa ubongo wa khoswe, ngakhale ndi wochepa ngati nsonga ya chala, uli ndi zigawo zofanana ndi zathu zoona za mantha, njala, tulo ndi chisangalalo. Timadzi tomwe timanyamula mauthenga mu ubongo, monga dopamine ndi serotonin, n'timodzimodzi mwa khoswe ndi mwa iwe.

Chitsanzo chosavuta ndi cha madzi a shuga. Khoswe wabwinobwino ukamuikira mabotolo awiri, lina la madzi wamba lina la madzi a shuga, amathamangira la shuga. Mu 1987 Paul Willner wa ku Britain ndi anzake anaonetsa kuti makoswe ukamawasautsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, lero kuwanyowetsera pogona, mawa kuwayatsira getsi usiku wonse, mkuja kupendeketsa khola, amasiya kulabadira shuga uja. Ukawapatsa mankhwala a depression kwa masabata angapo amayambiranso kumukonda. Amene anakhalapo ndi m'bale wodwala depression akudziwa chimenechi: munthu yemwe sankaphonya mpira wa Bullets ndi Wanderers amangoti "pitani nokha," nsima imamukomera ngati dothi. Khoswe sakuonetsa matenda onse, akuonetsa kachidutswa kameneko ka kusiya kukomedwa ndi zinthu.

Mayi amene watha moyo wake wonse pa ntchitoyi

Kuti mumvetse kuti ntchito imeneyi imayenda bwanji, tengani moyo wa Huda Akil. Anabadwa mu 1945 ku Damascus, m'dziko la Syria, nthawi yomwe mtsikana wa kumeneko sankayembekezeka kukhala wasayansi. Ali mwana anawerenga buku la moyo wa Marie Curie, mtsikana wa ku Poland yemwe anakakhala wasayansi wamkulu ku Paris, ndipo anati naye atha. Anaphunzira ku American University of Beirut, kenako anapita ku America komwe anachita PhD ku University of California, Los Angeles.

Kumeneko, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, gulu lomwe analimo linkaika kawaya kakang'ono pamalo ena mkati mwa ubongo wa khoswe n'kudutsitsamo magetsi ochepa. Khosweyo ankasiya kumva ululu ngati wabayidwa morphine. Akil anamupatsa naloxone, mankhwala omwe amatchinga mphamvu ya morphine, ndipo ululu unayambanso kumveka. Apa panali funso: naloxone akutchinga chiyani, poti khosweyo sanapatsidwe morphine? Yankho lake linali lakuti ubongo uli ndi mankhwala akeake ofanana ndi morphine. Mu 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen, Scotland, anawapezadi. Ndi omwe lero mumamva anthu othamanga akuti ma endorphin. Akil anadzaonetsanso kuti nyama ikakhala pachiopsezo ubongo umatulutsa mankhwala amenewa. N'chifukwa chake munthu wogwa panjinga yamoto amatha kudzuka n'kuyenda, ululu n'kudzaumva atafika kunyumba.

Mu 1978 anasamukira ku University of Michigan, komwe wagwira ntchito zaka zonsezi limodzi ndi amuna ake, Stanley Watson. Funso lomwe anakakamira ndi lomwe tonse timadzifunsa: anthu awiri akumana ndi vuto limodzi, ngongole imodzi, maliro amodzi, bwanji wina amapirira wina n'kusweka? Labu yawo inayamba kusankha makoswe monga mmene mlimi amasankhira mbewu. Khoswe ukamuika malo achilendo, wina amayendayenda kununkhiza paliponse, wina amakhala pakona. Oyendayenda ankawakwatitsa okhaokha, amantha okhaokha, mibadwo yambirimbiri, mpaka panatuluka mitundu iwiri. Oyendayenda aja sachedwa kuzolowera mankhwala ozunguza bongo monga cocaine. Amantha aja sachedwa kuonetsa zizindikiro za nkhawa ndi kutaya mtima.

Chomwe chinandisangalatsa n'chakuti sanathere pa makoswe. Mu 2004 iwo ndi anzawo anayeza ubongo wa anthu omwe anamwalira akudwala depression, n'kupeza kuti kanthu kena kothandiza maselo a ubongo kukula, kotchedwa FGF2, kanali kochepa. Anabwerera kwa makoswe amantha aja n'kupeza kuti nawonso kanali kochepa. Atawaika m'khola lalikulu lokhala ndi zoseweretsa ndi anzawo, FGF2 anakwera, mantha anachepa. Ndiye kuti chibadwa chilipo ndithu, koma malo omwe ukukhala amatha kuchisintha. Mu 2023 Akil analandira National Medal of Science, ulemu waukulu kwambiri wa sayansi ku America.

Ku Canada, Michael Meaney wa ku McGill University anapeza zogwirizana ndi zimenezi. Mu 1997 gulu lake linaonetsa kuti ana a makoswe omwe mayi wawo amawanyambita kwambiri sabata yoyamba amakula osachedwa kudekha akaopsezedwa. Atasinthanitsa anawo, kupereka mwana wa mayi wosanyambita kwa mayi wonyambita, mwanayo anatengera womulera. Musathamangire kunena kuti aliyense wodwala maganizo analeredwa moipa, si zomwe akunena. Akungoonetsa kuti zomwe mwana amakumana nazo ali wakhanda zimasiya chizindikiro mu ubongo.

Si za kunja kwa Africa kokha

Kwa inu omwe muli ku Joni kapena ku Cape Town, ntchito imeneyi ikuchitika pafupi nanu. Vivienne Russell wa ku University of Cape Town anatha zaka zambiri akufufuza mtundu wa makoswe omwe poyamba anawetedwa ku Kyoto, Japan, mu 1963 pofuna kuphunzira za BP. Zinadzaoneka kuti makoswe amenewa sakhazikika, sadikira, sachedwa kusiya chomwe akuchita, monga ana omwe ali ndi ADHD. Russell, mogwirizana ndi Terje Sagvolden wa ku Oslo, anayang'ana mmene dopamine amagwirira ntchito mu ubongo wawo ndipo anapeza kuti imasiyana ndi ya makoswe ena. Ganizirani mwana uja wa Standard 3 amene amakwapulidwa tsiku lililonse chifukwa sakhala pansi. Mwina si mwano.

Ku North-West University, ku Potchefstroom, Brian Harvey ndi gulu lake amafufuza mbewa zina za ku America zomwe zina mwa izo zimangodumpha kapena kuzungulira malo amodzi kambirimbiri popanda chifukwa. Amazigwiritsa ntchito pophunzira za OCD, matenda omwe munthu amabwereza chinthu chimodzi, kusamba m'manja kapena kuyang'ana loko wa pakhomo, akudziwa kuti n'zosafunika koma osatha kusiya.

Pomwe khoswe amasocheretsa

Sindikufuna ndikunamizeni kuti zonse ndi bho. Ofufuza okhaokha amakangana kwambiri pankhaniyi. Mu 1977 Roger Porsolt anayambitsa njira yoika khoswe kapena mbewa m'chigubu cha madzi chomwe sangatulukemo. Amasambira kwa kanthawi, kenako amangoyandama. Ukamupatsa mankhwala a depression amasambira nthawi yotalikirapo. Kwa zaka zambiri anthu ankati woyandamayo wataya mtima. Lero ambiri akuti ayi, mwina ndi wanzeru chabe, waona kuti potulukira palibe ndiye akusunga mphamvu. Makampani ena akuluakulu a mankhwala anasiya kugwiritsa ntchito njirayi.

Nkhani ya lithium ndi yodabwitsa kwambiri. John Cade, dokotala wa ku Melbourne, Australia, anabaya mbira ndi lithium n'kuona kuti zafatsa. Anamwa yekha kaye kuti aone ngati sapha, kenako anapereka kwa odwala omwe matenda awo amawapatsa mphamvu zosaneneka, osagona, kuyankhula osapuma. Mu 1949 analemba kuti odwalawo adekha. Lithium mpaka pano ndi amodzi mwa mankhwala odalirika a bipolar. Koma ambiri tsopano amakhulupirira kuti mbira zija sizinafatse ayi, zinangodwala ndi mankhwalawo. Wodwala woyamba wa Cade anadzamwalira chifukwa lithium anachuluka m'thupi, n'chifukwa chake lero womwa lithium amayezedwa magazi pafupipafupi. Mwachidule, nyama inamulozera njira yolondola pachifukwa cholakwika. Palinso mankhwala ambiri omwe anachita zodabwitsa pa makoswe koma atafika pa anthu sanathandize konse.

Phunziro limeneli tili nalo pakhomo pompano. Malungo a mu ubongo, aja amakomola ana, ofufuza akunja amawaphunzira pa mbewa pogwiritsa ntchito kachilombo ka malungo a mbewa kotchedwa Plasmodium berghei, ndipo akhala akutsutsana ngati zomwe zimachitika mwa mbewa ndi zomwezo zimachitika mwa mwana. Yankho lalikulu linachokera ku Blantyre. Terrie Taylor wa ku Michigan State University, yemwe wagwira ntchito ku Queen Elizabeth Central Hospital kuyambira m'ma 1980, limodzi ndi Karl Seydel ndi madokotala ndi anamwino a ku Malawi, anajambula ndi makina a MRI ana 168 okomoka ndi malungowa. Zotsatira zinatuluka mu 2015: mwa ana 25 omwe anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka ndi pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse. Ubongo ukatupa umapanikiza gawo lomwe limayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Kafukufuku wina wa pachipatala chomwecho, wotsogoleredwa ndi Gretchen Birbeck mu 2010, anaonetsa kuti ena mwa ana opulumuka malungowa amadzadwala khunyu kapena kusintha khalidwe. Ndiye mwana wa kwanuko amene anayamba ukali atachira malungo aakulu, musanathamangire kuloza agogo a pakhomo loyandikana nalo, kumbukirani zimenezi.

Palinso chithandizo chomwe khoswe sangayeseredwe n'komwe. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pachipatala n'kumamvetsera anthu omwe akuganiza kwambiri, kuwathandiza kuona vuto limodzi limodzi. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti zimathandizadi, ndipo njirayi yayesedwanso kuno ku Malawi. Khoswe sungamukhazike pabenchi kuti akufotokozere za ngongole ya banki m'khonde.

Nanga si nkhanza zimenezi?

Funso limeneli n'loyenera, ngakhale kwa ife omwe timawotcha tchire pofuna mbewa. Mu 1959 William Russell ndi Rex Burch a ku Britain anakhazikitsa mfundo zitatu zomwe mayunivesite ambiri amatsata mpaka pano: ngati pali njira ina osagwiritsa ntchito nyama, tsata imeneyo, ngati palibe, gwiritsa ntchito nyama zochepa, ndipo chepetsa ululu mmene ungathere. Wofufuza sangangodzuka n'kuyamba, amayenera kupempha chilolezo ku komiti yoona za chilungamo pakafukufuku. Pa kafukufuku wa anthu kuno kwathu pali National Health Sciences Research Committee ndi komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo palibe amene ayenera kukulowetsa mu kafukufuku usanafotokozeredwe ndi kuvomera wekha. Zina zomwe zinkachitika kale, monga za Harry Harlow yemwe ankalekanitsa ana a anyani ndi amayi awo m'ma 1950 ndi 1960, lero sizingavomerezedwe wamba.

Kwa amene mtima ukugunda kuti mwina ine

Ndikudziwa kuti pali wa Form 4 ku Ntcheu Secondary kapena ku CDSS ina yake amene wawerenga mpaka pano. Njira yake ndi yaitali koma si yobisika. Imayambira pa Biology, Chemistry ndi masamu. Kenako digiri yoyamba ya zaumoyo, ya mankhwala, ya zamoyo kapena ya psychology, ku KUHeS, ku UNIMA ku Zomba kapena kwina. Ambiri amapitiriza Masters ndi PhD kunja, ndipo South Africa ndi pafupi. Pali Society of Neuroscientists of Africa yomwe imasonkhanitsa ofufuza za ubongo a mu Africa, pali IBRO yomwe imachititsa maphunziro afupiafupi m'mayiko a mu Africa, palinso TReND in Africa yomwe imaphunzitsa kufufuza za ubongo pogwiritsa ntchito tintchentche ta pazipatso, chifukwa n'totsika mtengo kuposa makoswe. Amene akufuna kuthandiza odwala mwachindunji, St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa za matenda a maganizo, ndipo KUHeS imasula madokotala a matendawa. Dziko lonseli chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndi cha ku Zomba, ndipo madokotala ake enieni ndi owerengeka. Ine sukulu ndinalekezera panjira, fizi inandigonjetsa, koma wina mwa inu akhoza kufika.

Zomwe ndinawauza azakhali

Loweruka ndinakwera minibasi kupita kumudzi. Ndinapeza msuweni wanga akusankha kachewere pakhonde. Azakhali anatulutsa kapepala ka mapilitsi, ndipo ndinaona kuti masiku atatu sanamwe.

Ndinawauza kuti, "Azakhali, zoti anayesa pa makoswe n'zoona, koma zinali kalekale inu musanabadwe, ndipo anatero kuti asayambire pa munthu. Ngakhale a BP mukumwa inuwa anadutsa momwemo."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati vuto lina n'lakuti mapilitsiwo amamugonetsa kwambiri, m'mawa amadzuka thupi lili gwaa, manja akunjenjemera. Zimenezo n'zoona, chlorpromazine amatha kutero, ndipo msuweni wanga anavomera kuti n'chifukwa chake naye sanakane atamuuza kuti asiye. Uthenga wa pa WhatsApp unangopeza anthu otopa kale. Koma mankhwala amenewa ukawasiya mwadzidzidzi matenda nthawi zambiri amabwerera, ndipo pobwerera amatha kuvuta kuposa poyamba. Chofunika ndi kubwerera kuchipatala n'kunena mosabisa momwe akumvera, chifukwa adokotala atha kuchepetsa mlingo, kusintha nthawi yomwera, kuwonjezera ena ochepetsa kunjenjemerako kapena kusinthiratu mankhwala. Azakhali ankaopa kukanena, ati aoneka ngati akuderera adokotala. Ndinawakumbutsa kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anaseka, anati ndayamba kuyankhula ngati agogo.

Lolemba tinapita limodzi. Anamusinthira mlingo ndi kumuuza tsiku lobweranso.

Kwa inu a pagulu paja, musanaponye chithunzi china chotere, kumbukirani kuti chikafika pafoni ya mayi wina kumudzi yemwe ali ndi kapepala ka mapilitsi pansi pa mtsamiro, iye sachiona ngati nthabwala. Ndipo ngati ndiwe amene ukulephera kugona, ukumva zomwe ena sakumva, kapena moyo wakukola mpaka ukuganiza zodzichotsa, uza munthu mmodzi amene umamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite limodzi kuchipatala cha boma kapena chaching'ono chomwe muli nacho pafupi mukafunse woona za matenda a maganizo.